X230 ikuona RAM ya 4GB m'malo mwa 8GB nditaikamo coreboot

Lachiwiri

Dalitso, 19:42
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndili ndi ThinkPad X230, ija ya i5-3320M. Ndachotsa BIOS ya Lenovo n'kuikamo coreboot, firmware yotseguka yolowa m'malo mwa BIOS, pamodzi ndi SeaBIOS imene imayambitsa Linux. Yayaka bwinobwino, Debian ikulowa, kiyibodi ndi WiFi zikugwira. Chondizunguza mutu ndi RAM. Muli ma RAM awiri a 4GB, ndipo BIOS yakale inkaona 8GB yonse, koma pano free -h ikundionetsa pafupifupi 4GB basi. Mkatimo ndangokhudza kachip ka flash ka 4MB, kaja kali pansi poika dzanja. Alipo anakumanapo nazo?

A Gondwe, 19:50
A Dalitso, bwezerani BIOS ya eni ake mugone tulo. Laputopu inali bwinobwino, mwaiputa dala. Fayilo yakale munaisunga?

Dalitso, 19:52
Ndinaisunga bwana. Ndinawerenga kachipko kawiri, sha256sum inafanana, ndipo kope ina ili pa foni. Kubwezera n'kosavuta, koma ndikufuna ndidziwe kaye kumene 4GB inayo yapita.

Kondwani, 19:55
Aise, si Linux imeneyo? Yesa dmidecode -t memory uone ngati ikutchula ma RAM onse.

Dalitso, 19:58
Ikutchula imodzi yokha. Ndipo pa memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM, nayonso ndi 4GB, ndiye si Debian ayi.

Tiyamike, 20:31
Pepani ndachedwa, ndangofika kumene kuchokera ku ntchito, misewu ya kuno ku Joni mukuidziwa. A Dalitso, mu foda ya coreboot muli util/cbmem. Lowanimo, lembani make, kenako sudo ./cbmem -c, mutitumizire zonse zimene itulutse. Ndikukayikira kuti channel imodzi yakanika pa training, ndiye code yaitseka n'kupitiriza ndi inayo. Pa X230 slot iliyonse ili ndi channel yakeyake, choncho channel ikatsekedwa RAM imodzi yonse imasowa.

Kondwani, 20:34
Achemwali, training ya chani? RAM si yongolowetsa n'kuyamba kugwira?

Tiyamike, 20:52
Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene pagona ntchito yovuta kwambiri ya firmware yonse. Ndiyambire pa batani. Mukadina, purosesa ya x86 imadzuka isakudziwa kanthu. Imapita pa adiresi imodzi yokha, 0xFFFFFFF0, mabayiti 16 kutsala pang'ono kufika pa 4GB, ndipo chipset imalozetsa adiresi imeneyo kumapeto kwa flash. N'chifukwa chake a Dalitso kuflasha kachip ka 4MB kokha kwawakwanira: X230 ili ndi tichip tiwiri, ka 8MB ndi ka 4MB, zonse pamodzi 12MB, ndipo mapeto ake ali m'kakang'onoko. Nthawi imeneyo purosesa ikuyenda ndi 16-bit ngati 8086 ya mu 1978, sikirini ndi yakuda, USB kulibe, disiki kulibe, ndipo RAM, ngakhale ili pa slot, sigwira ntchito. Memory controller sinauzidwe kuti kuli RAM yamtundu wanji, yaikulu bwanji, yothamanga bwanji.

Kondwani, 20:55
Nanga code imene ikuyenda nthawi imeneyo ikusunga kuti zinthu zake? C imafuna stack.

Tiyamike, 21:10
Funso lake ndi lomwelo. Malangizo enieniwo purosesa imawawerenga molunjika kuchokera mu flash, koma polemba palibe. Kalelo anthu a polojekitiyi anali ndi compiler yawoyawo, romcc, yolembedwa ndi Eric Biederman. Inkasandutsa C kukhala code yogwiritsa ntchito ma register a purosesa okha, popanda stack. Ma register ndi ochepa, ndiye function ikakula pang'ono compiler inkangokana. Njira imene inapambana ndi cache-as-RAM. Cache ili mkati mwa purosesa ndipo sifuna training iliyonse. Bootblock, gawo loyamba la coreboot, imakonza ma MTRR, ma register oyang'anira cache, kuti kachigawo kena ka maadiresi kaziloledwa kukhala mu cache, imadzaza kachigawoko, kenako n'kuletsa purosesa kutaya zimene zili mmenemo. Basi, mwapeza kamalo kochepa kolembapo, ndipo C wamba ikhoza kuyenda. romcc anadzaichotsa pambuyo pa coreboot 4.11.

A Gondwe, 21:16
Ndiye kuti ikulemba pachikhatho podikira kuti kope lifike. Ife tinkatero ku pulayimale.

Tiyamike, 21:18
Eetu bambo, ndipo RAM ikadzuka pamafunika kukopera zofunikazo msanga cache isanabwerere ku ntchito yake. Ndi chifukwa chake pali kagawo kakang'ono kotchedwa postcar pakati pa romstage, gawo lodzutsa RAM, ndi ramstage, gawo lodzutsa zotsala: ntchito yake ndi kuthetsa cache-as-RAM n'kunyamula ramstage kuiika mu RAM yeniyeni. Ngakhale log imene ndapempha ija, mizere yake yoyambirira imasungidwa mu cache momwemo, n'kudzasamutsidwira ku RAM pambuyo pake.

Dalitso, 21:40
Log ija nayi, ndaiika ngati fayilo. Ndikuona yawerenga ma RAM onse awiri poyamba, yatchula kukula kwake ndi ma timing, kenako pali mzere wonena kuti training yakanika ndipo ikuyesa njira ina. Pambuyo pake ikungokamba za channel 0.

Tiyamike, 21:49
Ndaiona. Ndi zomwe zija. SPD ya onse awiri yawerengeka bwino, ndiye SMBus ilibe vuto ndipo RAM yakhala bwino pa slot. Yakanika ndi ya pa channel 1, pa training yeniyeniyo.

Esinati, 21:53
Inu mukuthamanga. SPD n'chiyaninso? Ena tikungowerenga mwakachetechete kuno, musatisiye m'mbuyo.

Mwale, 22:01
Amayi, tengani RAM iliyonse muiyang'anitsitse. Pakati pa tichip takuda tikulutikulu mupeza kena kakang'ono kwambiri ka miyendo 8. Ndi ka EEPROM, pa DDR3 kamasunga mabayiti 256. Mmenemo wopanga analembamo kukula kwa RAM, liwiro lake, ma timing, mavoti ake, ngati ndi ya 1.5 kapena 1.35. Firmware imakawerenga kudzera pa SMBus, pa maadiresi oyambira 0x50. Sitika yapamwamba ikhoza kunama, ndipo SPD nayo munthu akhoza kuilembanso, ine ndinaonapo ma RAM otero kuno ku Chipata.

Esinati, 22:04
Zikomo a Mwale. Nanga ngati zonse zalembedwa kale mmenemo, training ikufunikiranji?

Tiyamike, 22:27
SPD imanena zimene RAM ingathe, koma sidziwa bodi imene mwailowetsamo. Taonani manambala. DDR3-1600 imayenda ndi clock ya 800MHz ndipo imatumiza kawiri pa kugunda kulikonse, ndiye bit imodzi imakhala pa waya kwa 0.625 ns yokha. Pa bodi, magetsi amayenda pafupifupi masentimita 15 pa nanosekondi. Kutanthauza kuti pa nthawi ya bit imodzi, chizindikiro chayenda masentimita osakwana 10. Tinjira ta kopa tochokera ku purosesa kupita ku slot sitingakhale tofanana ndendende kutalika, ndiye kusiyana kwa sentimita imodzi kapena ziwiri kumadya gawo lalikulu la nthawi ija.

Pa DDR3 anawonjezeranso china. Clock ndi ma command zimalowa pa RAM n'kumadutsa kachip ndi kachip motsatizana, pomwe mawaya a data amapita kwa kachip kalikonse molunjika. Choncho kachip komalizira kamalandira clock mochedwa kusiyana ndi koyamba, ndipo izi anachita dala kuti chizindikiro chikhale choyera. Controller iyenera kuyeza kuchedwa kwa kachip kalikonse n'kuchedwetsa data yake molingana. Imeneyo ndiyo write leveling. Powerenga nakonso chimodzimodzi. Code imalemba manambala odziwika, imawawerenga, imasuntha nthawi pang'ono, imayesanso, mpaka itapeza pamene zikuyambira kulondola ndi pamene zikuthera, kenako imakhazika pakati. Imachita zimenezi pa gulu lililonse la mawaya 8, pa rank iliyonse, pa channel iliyonse. Ikapeza kuti pa gulu lina palibe mpata wolondola, kapena mpatawo ndi wochepetsetsa, imati yakanika.

A Gondwe, 22:40
Zonsezo ndamva mayi, ndipo mwafotokoza bwino. Koma BIOS ya Lenovo inachita training yomweyo pa RAM yomweyo n'kupambana. Ndiye wolephera ndani apa? Ine ndinayamba kukonza makompyuta nthawi ya Pentium II, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti wopanga bodi ndi amene amaidziwa. Awa a coreboot akungolota.

Tiyamike, 22:58
Pali chilungamo pa zimene mukunena. BIOS ya Lenovo imagwiritsa ntchito code ya Intel, yolembedwa ndi anthu amene anali ndi mabuku onse a controller. Ya mu coreboot ya Sandy Bridge ndi Ivy Bridge, mapurosesa a Intel a mu X220 ndi X230, inalembedwa mu 2014 ndi Vladimir Serbinenko ndi Damien Zammit, poonerera zimene code yotsekedwa ija imachita, chifukwa Intel sinatulutse mabuku a ma register amenewo. Ena akhala akuikonza kuyambira pamenepo. Ndiye inde, zimachitika kuti RAM yabwinobwino ikanidwe. Koma zimachitikanso kuti RAM ndi yofooka, BIOS yailandira, ndipo kompyuta imangofa yokha kamodzi pa sabata mwini wake n'kumanena Windows. Sitingaweruze tisanayese. Kusiyana kwake n'kwakuti pano tili ndi log yotiuza channel imene yakanika, ndipo tikhoza kutsegula src/northbridge/intel/sandybridge n'kuwerenga chimene code imayembekezera pa sitepe imeneyo. BIOS inayo ikakana RAM mumangomva kulira kwa sipika.

A Gondwe, 23:03
Kulira kumeneko kwatidyetsa zaka zambiri kkkk. Chabwino, yesani tione.

Lachitatu

Dalitso, 08:15
Mwadzuka bwanji nonse. Ndachotsa RAM ya pa channel 1, ndapukuta mano ake ndi labala, ndapemerera slot, ndabwezera. Ikadali 4GB. Koma chodabwitsa, log ya lero ndi yaifupi, sikuonetsanso training ija.

Tiyamike, 08:44
Sinachite training n'komwe. coreboot ikamaliza training imasunga zotsatira mu flash, m'chigawo chimene amati MRC cache. Poyaka ulendo wina imawerenga SPD, ikaona kuti ma RAM ndi omwe aja imangotenga manambala osungidwa. Zimafulumizitsa kuyaka, komanso n'zofunika laputopu ikamadzuka kutulo: simungachitenso training pa RAM imene muli ntchito ya munthu, chifukwa training imalemba manambala ake pamwamba pa zonse. Ndiye kupukuta kwanu code sinakuone. Ikakamizeni: yatsani ndi RAM imodzi yokha, zimitsani, kenako sinthani. Yesani RAM iliyonse payokha pa slot iliyonse, tidziwe ngati vuto likutsatira RAM kapena slot.

Mwale, 09:20
Nkhaniyi yandikumbutsa mafoni. Ife oflasha mafoni a MediaTek timalimbana ndi chinthu chomwechi tsiku ndi tsiku, kungoti sitinkachitchula choncho. Foni ikayaka, boot ROM ya mkati mwa chip imanyamula preloader n'kuiika mu SRAM yaing'ono, ndipo preloader ndi imene imadzutsa RAM. Mukaika preloader ya foni ina, ngakhale dzina la foni likhale lofanana, ngati chip ya memory ndi yosiyana foni imafa, osayaka ngakhale kuwala. Error 4032 ija ya pa SP Flash Tool, yonena kuti DRAM yakanika, gwero lake ndi lomweli.

Kondwani, 09:26
Ndiye a ARM ali pabwino, ali ndi SRAM kale, safunika zamatsenga za cache.

Mwale, 09:31
Pa mbali imeneyo inde. U-Boot nayo ili ndi kagawo kotchedwa SPL kokwana mu SRAM, ntchito yake yaikulu n'kudzutsa RAM basi. Koma musaganize kuti kumeneko zonse n'zotseguka. Ma chip ambiri code yodzutsa RAM imabwera ngati fayilo yotseka kuchokera kwa wopanga.

Dalitso, 12:37
Zotsatira. RAM yoyamba ikuyaka pa slot iliyonse. Yachiwiri ikakhala yokha, pa slot iliyonse, fani imazungulira koma sikirini bii, palibe chotuluka. Ndiye vuto likutsatira RAM. Imeneyi ndinaigula kwa anyamata ena mu Limbe muno, yochotsa mu laputopu yakufa. Sitika ikuti PC3-12800.

Esinati, 12:41
Ikakhala bii choncho mumadziwa bwanji pamene yaimira? Poti cbmem imafuna kuti Linux ilowe kaye.

Tiyamike, 13:15
Apo ndiye pamawawa mutu. Pa desktop yokhala ndi serial port, bootblock imayatsa Super I/O koyambirira kwenikweni n'kumatumiza log pa waya kupita ku kompyuta ina. Pali makhadinso oonetsa manambala amene firmware imalemba pa port 0x80, a Gondwe akuwadziwa. Laputopu ngati iyi ilibe serial. Njira zimene zilipo: USB debug ya EHCI, imene imafuna kachipangizo kapadera pakati, spkmodem, imene imatulutsa log ngati phokoso pa sipika inu n'kujambula ndi kompyuta ina, yochedwa koopsa, kapena kuuza coreboot kuti izilemba log mu flash momwemo, inu n'kudzaiwerenga pambuyo. Kwa a Dalitso yomalizayi ndiyo yosavuta, poti akhoza kubwezera RAM yabwino ija, kuyatsa, n'kuwerenga flash ndi flashrom. Mukafuna zambiri yatsaninso DEBUG_RAM_SETUP mu menuconfig, koma dziwani kuti imalemba zochuluka kwambiri moti kamalo ka mu cache kaja kamadzaza n'kudula mizere ina.

Koma tisanafike kumeneko pali mayeso awiri otchipa. Loyamba, RAM yokayikitsayo muiike mu laputopu ina ya BIOS wamba, muyendetse memtest86+ usiku wonse. Lachiwiri, mu devicetree ya X230, fayilo ya coreboot yofotokoza bodi, ikani max_mem_clock_mhz pa 666, kuti RAM iziyenda ngati DDR3-1333. Bit ikatalika, mpata uja umakula.

Dalitso, 13:22
Ndiyenera kumasulanso kiyibodi n'kumanitsa clip? Clip yanga yoflashira kachipyi yatha mano, kuti igwire ndimachita kuipanikiza ndi chala mpaka flashrom imalize.

Tiyamike, 13:30
Ayi, poti coreboot ilimo kale mukhoza kuflasha kuchokera mu Linux: flashrom -p internal --ifd -i bios -w coreboot.rom --noverify-all, mutaika iomem=relaxed pa mzere wa kernel. Onetsetsani kuti batire ili ndi moto ndipo chaja ili pomwepo, magetsi athu mukuwadziwa. Clip isakhale patali, mwina mungaifune.

A Gondwe, 13:48
Pa za clip ndiwonjezereko, poti achinyamata ambiri pagulu pano agula CH341A yakuda ija, kachipangizo koflashira. Yezani ndi mita musanaimanitse pa bodi. Zambiri mwa izo mwendo wa magetsi umatulutsa 3.3 koma mawaya a data amatulutsa pafupifupi 5, pomwe kachip ndi ka 3.3. Kamapirira kangapo, tsiku lina kamapsa. Ndipo pomanitsa clip chotsani batire ndi chaja, osati monga poflasha mkati. Raspberry Pi Pico yokhala ndi serprog ilibe vuto limeneli.

Kondwani, 14:02
Onani a Gondwe, amene amati tisaziputa dala, ndi amenenso akudziwa mavoti a clip kkkk.

A Gondwe, 14:06
Ndimaflasha ma BIOS owonongeka mwana iwe, ndi ntchito imeneyo. Sindichotsa amoyo.

Lachinayi

Dalitso, 07:55
Malipoti. Pa 666 ma RAM onse awiri adutsa training, 8GB yabwerera. Koma memtest86+ pa laputopu ya mnzanga, ya BIOS wamba, RAM yachiwiri ija yatulutsa mizere yofiira itayenda maola angapo. Pa X230 pa 666 ndaisiya usiku wonse, palibe chofiira.

Tiyamike, 08:20
Ndiye RAM imeneyo siikwanitsa 1600 imene SPD yake ikulonjeza, kaya ndi ukalamba kaya inabadwa choncho. Mukhoza kukhala nayo pa 1333, kusiyana kwa liwiro simudzakuona pa ntchito wamba. Koma ine sindingaiike mu laputopu ya kasitomala.

A Gondwe, 08:41
Apa ndavomera, RAM ndi yodwala. Koma musatengepo phunziro lakuti coreboot imaposa BIOS. Yakana yodwala lero, mawa idzakana yamoyo, mayi Tiyamike anena okha. Walira mvula walira matope.

Kondwani, 09:10
Komabe bwana, ufulu ulipo. Laputopu ya Dalitso tsopano ikuyenda ndi code yotseguka kuyambira pa batani mpaka pa desktop. Palibe kampani ikumubisira kanthu.

Tiyamike, 09:47
Pang'onopang'ono a Kondwani. Purosesa isanawerenge n'komwe pa 0xFFFFFFF0 paja, mu chipset muli kale kapurosesa kena kamene kadzuka, Intel Management Engine, ndipo firmware yake, imene a Dalitso sanaikhudze, ili mu kachip ka 8MB. Ndi yotseka, yosainidwa ndi Intel. Ngakhale romstage imalankhula nayo: ME imapempha kachigawo ka RAM, ndipo training ikatha romstage imaiuza kuti RAM yadzuka. Pa makina akale ngati X200 mukhoza kuifufuta yonse. Pa X230 mukaifufuta yonse laputopu imazima yokha pakatha mphindi 30. Chimene chimatheka ndi me_cleaner ya Nicola Corna, imene imadula zigawo zambiri n'kusiya zosakwana 100KB zodzutsira chipset. Palinso microcode ya purosesa, ndi firmware ya EC imene imayang'anira kiyibodi, fani ndi batire, imeneyo ikadali ya Lenovo. Chimene chili chotseguka pa X230, ndipo n'chachikulu, ndi kudzutsa RAM ndi kudzutsa sikirini. Sikirini imayatsidwa ndi libgfxinit, yolembedwa mu SPARK, mtundu wina wa Ada.

Esinati, 10:05
Nanga bwanji nonse mumangokamba za X220, X230, T430? Za 2011 ndi 2012 zimenezo. Ine pa sukulu pano tili ndi ma laputopu atsopanoko, sizingatheke?

Tiyamike, 10:39
Pali zipupa ziwiri. Choyamba ndi RAM yomweyi. Pa mapurosesa atsopano a Intel, coreboot siidzutsa RAM yokha. Intel imapereka fayilo yotseka yotchedwa FSP, yogawika patatu: FSP-T yokonza cache-as-RAM, FSP-M yochita training, FSP-S yodzutsa zotsala za silicon. romstage imangodzaza tebulo la zokonda n'kuitana FSP-M, kenako n'kudikira. Vuto ngati la a Dalitso likachitika mmenemo simungawerenge code kuti muone chimene chakanika. Haswell, m'badwo wotsatira Ivy Bridge, inakhala zaka zambiri ikudalira mrc.bin yochotsa mu Chromebook mpaka Angel Pons atalemba yotseguka. Ndi ntchito ya zaka, ndipo oidziwa ndi owerengeka. Ku AMD anapita patali: pa Ryzen, kapurosesa ka chitetezo kotchedwa PSP ndi kamene kamachita training, ndipo x86 imadzuka RAM ili kale tayale. Kumeneko cache-as-RAM sifunikanso, koma gawo lonselo lachoka m'manja mwa coreboot. Mu 2023 AMD inalengeza openSIL kuti itsegule code yodzutsa silicon, tikuyang'anira.

Chipupa chachiwiri ndi Boot Guard, imene inayamba ndi Haswell. Wopanga laputopu amawotcha chizindikiro cha kiyi yake mu chipset ku fakitale, kosafufutika, ndipo purosesa imayeza bootblock isanaiyendetse. Ikapeza kuti sinasainidwe ndi kiyi imeneyo, siyaka. N'chifukwa chake X240 simuiona pa mndandanda wa coreboot, pomwe T440p ilipo.

Kondwani, 10:46
Koma T480 ndinaiona pa Libreboot, polojekiti ija yochokera pa coreboot.

Tiyamike, 10:55
Inde, chifukwa cha deguard ya Mate Kukri ya mu 2024, imene imadutsira pa chibowo cha mu ME 11 n'kulepheretsa Boot Guard. Ndi mwayi wa m'badwo umenewo wokha, ndipo RAM ya T480 imadzutsidwabe ndi FSP.

Mwale, 11:12
Amayi Esinati, ngati pa sukulu panu pali ma Chromebook, amenewo ali kale ndi coreboot kuchokera ku fakitale. Ambiri mwa anthu amene akuyenda ndi coreboot padziko sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Google inaitenga kalekale, ndipo ma Chromebook akale amene anasiya kulandira ma update anthu amawaika firmware ya MrChromebox n'kulowetsamo Linux wamba. Makampani ena monga System76, Purism ndi Star Labs amagulitsanso ma laputopu obwera nayo.

A Gondwe, 11:30
Chimene sindikumvetsa n'chakuti anayambitsa zonsezi ankafuna chiyani. Munthu wanzeru zake kukhala pansi n'kumalemba BIOS yaulere.

Tiyamike, 11:52
Anali ndi vuto lenileni bambo. Inayamba mu 1999 ku Los Alamos National Laboratory ku America, ndi Ron Minnich ndi anzake, dzina lake likadali LinuxBIOS. Iwo ankayendetsa makompyuta ambirimbiri olumikizana ochitira masamu a sayansi, ndipo BIOS ya nthawi imeneyo inkachedwa kuyaka, inkaima kudikira kiyibodi, ndipo kusintha kanthu kamodzi kunkafuna munthu kuyenda ndi sikirini pa kompyuta iliyonse. Maganizo awo anali akuti firmware ingodzutsa purosesa, RAM ndi chipset, kenako ipereke zonse kwa Linux, imene imadziwa kale kuyendetsa zotsalazo. Dzina linasintha kukhala coreboot mu 2008 poti chimene chimabwera pambuyo pake sichinalinso Linux yokha: SeaBIOS ngati ya a Dalitso, GRUB, edk2 kwa ofuna UEFI. Koma gawo lija anati n'laling'ono, longodzutsa RAM, ndi limene lakhala likukula ndi kutsekeka m'badwo uliwonse.

Dalitso, 12:25
Ndayendetsanso cbmem -t kuti ndione nthawi ya gawo lililonse. Pa kuyaka koyamba nditaflasha, raminit, code yodzutsa RAM, ndi imene inadya nthawi yochuluka kuposa zina zonse. Kuyaka kwachiwiri yatsika kwambiri, ndiye MRC cache ija ikugwiradi ntchito. Funso lomaliza achemwali: ndikapeza RAM ina yabwino, ndibwezere 800 kapena ndingosiya?

Tiyamike, 12:40
Bwezerani, muflashe, muyese ndi memtest86+ usiku umodzi. Ndipo log ija ya training yokanika musaitaye. Ngati RAM yatsopanoyo idutsa memtest pa BIOS wamba koma n'kukanika pa coreboot, imeneyo ndiye nkhani yoti muwatumizire a polojekiti, pamodzi ndi zimene zili mu SPD yake.

A Gondwe, 12:58
Ndili ndi ya 4GB ya PC3L ya Samsung m'kabati muno, yochotsa mu T430 yosweka sikirini, ndinaiyesa kale ndi yamoyo. Pali mnyamata akutsika ndi basi ya Loweruka kuchokera kuno ku Mzuzu, ndimupatsira. Ya 1.35 igwira limodzi ndi yanu ya 1.5?

Tiyamike, 13:04
Igwira. DDR3L imalola mavoti onse awiri, ndiye pa X230 idzayenda pa 1.5 ngati inzake.

Dalitso, 13:07
Zikomo kwambiri bwana Gondwe, mundiuze mtengo ku inbox. Ndikailandira ndidzaika log yatsopano pompano.

Esinati, 13:19
A Mwale, ma Chromebook alipo 6 m'sitolo ya sukulu, anasiya kugwiritsidwa ntchito. Nditumize zithunzi za pansi pake kuti muone ma model?

Mwale, 13:23
Tumizani, koma chofunika kwambiri ndi dzina la bodi, limaoneka m'munsi mwa sikirini ya recovery. Dinani Esc ndi Refresh pamodzi ndi batani loyatsira, mujambule zimene zituluke. Muyambe ulusi wina kuti zisasokonezeke ndi za RAM.